Maso a Kokonati

Pamsika palibe amene sadziwa Mayi Kokonati. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akhala pa benchi imodzimodzi, pakati pa wogulitsa mazira ndi wosoka nsapato, ndipo sanagulitsepo kokonati woola. Amamunyamula kuti amve kulemera kwake, n'kumugwedeza pakhutu. Madzi akamveka, nkhope yawo imawala. Kukakhala zii, amamuponya kumbali.

Mwezi watha anaterereka m'bafa, mwendo n'kulowa m'chikhakha. Kubenchi ankafikabe ndi ndodo, koma kokaoda n'kutali. Chinawasowetsa mtendere ndi wophika wa palesitilanti ina, amene amatenga makokonati makumi awiri Lachisanu lililonse. Mayi wina wa makokonati, wa benchi yoyang'anana ndi yawo, wakhala akumunyengerera kuyambira kalekale.

Lachisanu m'mawa anatuma amuna awo, atelala.

"Abambo, mumvetsetse. Mugwedeze, madzi amveke. Kenako muyang'ane maso. Akakhala onyowa, musiyeni, muyende."

"Ndamva, mayi. Ndine mwana ine?"

Atelala anabwerako ndi thumba paphewa, thukuta lili kamukamu, akuyenda monyadira. Mayi anatenga kokonati woyamba, kugwedeza: zii. Wachiwiri anali ndi nkhungu kumutu, ndipo atadina ndi chala, chinalowa. Fungo lowawasa linafika mpaka kwa wamazira.

"Abambo, munagwedeza?"

"Thumba lonse! Linalira bwinobwino."

"Nanga maso?"

"Ndinayang'anitsitsa, mpaka munthuyo anandifunsa ngati tikudziwana. Ouma gwa, osaphethira n'komwe. Wachilungamo ameneuja."

"Maso a ndani?"

"A wogulitsayo."

Wosoka nsapato anaseka mpaka timisomali tinagwa pakamwa pake.

"Maso a kokonati, bambo inu! Atatu awa, apa!"

Atelala anawerama n'kupenyetsetsa. "Amenewa ndi maso? Ine ndimaona ngati mabatani."

Mayi anapumira m'mwamba. Mtima unali kuwira, koma nthawi yokalipa panalibe. Anakhuthula thumba lija n'kuyamba mmodzimmodzi: kunyamula, kugwedeza, kudina, kununkhiza. Abwino anapezeka asanu ndi awiri basi.

"Ingosakanizani," ananong'ona atelala. "Kunjaku onse ndi ofanana."

"Inu mumasokera munthu thalauza la mwendo umodzi?"

Wophika uja anafika ndi dengu lake, akuimba mluzu.

"Achimwene, lero ndakukhumudwitsani," anatero mayi. "Abwino ndi awa okha. Enawa sindingakupatseni ngakhale ulere."

Wophika anakanda mutu. "Mayi anga, ndili ndi alendo masana ano."

"Ndikudziwa. Pitani pa benchi ya kutsidyako, musachite manyazi. Koma musankhe nokha."

Anatenga asanu ndi awiri aja n'kuwoloka. Mayi wa benchi inayo anaimirira msangamsanga, mano onse pamtunda, akupukuta manja pachitenje.

"Abweranso sabata yamawa?" anafunsa atelala chapansipansi.

Mayi Kokonati anangokhala, mwendo uli pakireti, akuona dengu la kasitomala wawo likudzaza kutsidyako.