Nshawa zitatu za Adada

Pepani Adada, ndakuvutitsani kumene munagonako. Patha chaka, koma lelo posenda nshawa ndaona ngati mwakhalanso pamphasa, mukundandalika nshawa zitatu. "Iyi Lundazi, iyi Lumezi, iyi Chasefu. Dela lililonse lili ndi phungu wake. Ife a ku Magodi, yathu ndi iti?" Ndinaloza ya Lundazi poti n'kumene timagula mchele. Munaseka n'kuidya, ine n'kundipatsa ya Chasefu. "Mama, kogula mchele si kokadandaula."

Kalata ija munkafuna kulembela phungu za mlatho wathu wogumuka ndailemba ine, kanayi konse kuti isalakwike. Pa envelopu ndalemba Chasefu, koma ndikuopa kuipeleka. Ndakhoza, Adada? Mundiyankhe msanga, ngakhale kumaloto, mvula isanabwele.