Mkulu Wanga Anangoyankha Moni

Mkulu wanga sanapiteko kusukulu. Ine ndinapita, ndinalekeza Sitandade 6. Kwathu ku Mwenilondo tinkalankhula Chinkhonde. Chichewa ine ndinachipeza m'kalasi, nthawi imene boma linalamula kuti ana onse azichiphunzira. Iwo ankadziwa Chinkhonde, Chiswahili chotola ku Songwe, ndi Chichewa cha moni basi.

Ankagwira ntchito yopakira matumba a mpunga pa lole ya wamalonda wina. Anali munthu wamphamvu. Thumba limene ena ankagwira awiri, iwo ankaliponya paphewa okha.

Chaka china, mvula ili pakati, loleyo inaterereka potsika pa mtsinje wina, cha kumpoto kwa boma. Inagwa chammbali. Dalaivala anatuluka ndi bala pamphumi. Mkulu wanga anali pamwamba pa katundu. Matumba anawagwera pamsana.

Anagona m'chipatala miyezi iwiri. Anayamba kuyenda, koma ndi ndodo. Kuwerama kunatha. Kunyamula kunatha. Kunyumba kunali mlamu wanga ndi ana anayi, ndi dimba la mpunga lofuna msana.

Kapitawo wa pa lole anandiitana pambali. Anati lamulo lilipo. Munthu wovulala pa ntchito amalandira chipukuta misozi. Koma dokotala ayambe wamuyeza ndi kulemba kuti wawonongeka motani. Pepala la dokotalayo ndilo limapita ku ofesi yoona za antchito.

Tsiku loyeza linafika. Tinapangana kuti ine ndikhale pakamwa pawo. Ndinawakweza pa ngolo ya ng'ombe ya mnansi wathu mpaka pamsewu, kenako pa basi.

Pa geti la chipatala panali anthu a chipani, akuona makhadi. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa pamsika, sunkakwera basi zina, ngakhale pa chipatala ankatha kukubweza. Mkulu wanga anatulutsa lawo. Ine ndinapisa m'thumba. Munalibe. Ndinali nditasintha malaya m'mawa kuti ndioneke bwino pamaso pa dokotala. Khadi linatsala m'malaya akale.

"Bwererani," anatero wa pa getiyo.

"Ndikuperekeza wodwala."

"Wodwala ali ndi khadi. Inu mukudwala chiyani? Matenda oiwala chipani?"

Anzake anaseka. Nthawi imeneyo kuyankha kunali kudziputira. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda. Mkulu wanga analowa okha.

Sanachedwe. Anatuluka akumwetulira.

"Munthu wabwino," anandiuza m'Chinkhonde. "Wandipatsa moni. Wandiuza ndiyende mpaka pakhomo ndi kubwerera. Ndayenda."

"Ndodo?"

"Ndinaisiya pa benchi. Ukapita kwa akuluakulu suyenda ngati nkhalamba."

Ndinangoti chabwino.

Patapita miyezi itatu tinaitanidwa ku ofesi. Kalaliki anali wa ku Dedza, munthu wofatsa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anatsegula fayilo, nawerenga, nandimasulira.

"Palembedwa kuti wodwala akuyenda yekha. Atafunsidwa, wanena yekha kuti ali bwino. Ndiye apa palibe chopukuta, bambo. Munthu wachira."

Ndinatembenukira mkulu wanga.

"Akulu, dokotala anakufunsani chiyani?"

"Anati, muli bwanji."

"Inu munati chiyani?"

Anawongola khosi. Anayankha m'Chichewa chawo chonse chimene anali nacho.

"Ndili bwino, kaya inu."

Kalaliki anavula magalasi. Sanaseke. Ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

Dokotala uja sananame. Anafunsa za thupi. Mkulu wanga anamva moni. Kwathu munthu akakufunsa mmene wagonera, umavomera, umathokoza. Ngakhale m'nyumba muli mtembo, umayamba wavomera. Za mavuto zimabwera mukakhala pansi, mlendo akafunsa kachiwiri. Dokotala sanafunse kachiwiri. Panja panali mzere wautali.

Ndinafunsa kalaliki ngati pali njira. Anayang'ana kukhomo, kenako anatsitsa mawu.

"Mutha kupempha kuti ayezedwenso. Koma polemba kalata musalembe mawu oti mukudandaula. Lembani kuti mukupempha. Mwandimva?"

Ndinamumva. Wodandaula ankatha kusanduka woukira pakamwa pa munthu mmodzi. Ndinalemba kalatayo katatu. Mawu oti chonde ndinawaika kanayi.

Tinadikira. Mvula inabweranso. Mlamu wanga anawokera mpunga yekha, ine ndikuthandiza ndikamaliza kwanga. Mkulu wanga ankakhala pa mpando pansi pa nthochi, akuyang'ana. Ng'ombe yawo imodzi inagulitsidwa. Inatsala imodzi.

Ine ndinayamba kuwaphunzitsa. Mawu awiri okha.

"Nenani, sindili bwino."

"Sindili bwino."

"Bwerezani."

Ankabwereza. Pakhomo ankanena bwinobwino. Ana mpaka anayamba kuwaseka. Koma tsiku lina ndinayesa mwadzidzidzi. Ndinafika ngati mlendo, ndinagwira chipewa m'manja.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu."

Ndinaponya chipewa pansi.

"Akulu, mukufuna ana adye moni?"

Ananditembenukira.

"Iwe, sukulu inakuphunzitsa kulandira munthu ndi madandaulo? Msana wathyoka. Ukufuna ndithyolenso mwambo? Ndine wolumala, sindine galu."

Mlamu wanga anali kusenda nthochi pafupi. Sanadzutse mutu.

"Alamu, asiyeni," anatero. "Awa ngakhale tsiku la ngozi, ali pansi pa matumba, akuti anayankha moni wa amene anawafukula."

Sitinalankhulane masiku atatu.

Kalata inabwera. Anavomera kuti ayezedwenso. Khadi ndinalisokerera m'thumba la malaya ndi singano. Pa geti ndinachita kung'amba ulusi ndi mano.

Dokotala anali wina, wamkulu msinkhu, wa imvi. Tisanakhale pansi ndinalankhula. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse.

"Bwana, ndili ndi pempho limodzi. Muwafunse kawiri."

"Kawiri?"

"Koyamba akuyankhani moni. Musalembe. Kachiwiri ndiye akuuzani."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinaganiza kuti atithamangitsa. Anaika cholembera pa tebulo.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu."

"Ndili bwino, zikomo. Khalani pansi."

Mkulu wanga anakhala. Kukhalako kunatenga nthawi. Dzanja limodzi pa ndodo, lina paphewa langa. Dokotala anaona zonse.

"Tsopano ndiuzeni. Thupi likuti chiyani?"

Ndinamasulira. Mkulu wanga anayang'ana pansi. Kenako anayamba. Analankhula m'Chinkhonde, pang'onopang'ono. Anati mwendo wamanzere sumva minga. Anati usiku satembenuka popanda mkazi wawo kuwakankha. Anati mwana wawo wamng'ono akalira sangathe kumunyamula. Kenako ananena chinthu chimene ine sindinkachidziwa, chokhudza mkodzo. Chaka chonse ndi theka anali atabisa.

Ndinamasulira zonse. Iwo sanandiyang'ane.

Dokotala analemba tsamba lonse. Anawavula malaya, nawagogoda m'mawondo, nawabaya ndi kasingano kuphazi. Phazilo silinagwedezeke.

Potuluka, mkulu wanga anati kwa dokotala, "Ndaga." Ndiko kuthokoza kwathu. Kwa ine sananene kanthu.

Chipukuta misozi chinabwera patapita chaka china. Sichinali chambiri. Kalaliki anati pepala loyamba silikanatha kuchotsedwa mu fayilo, ndipo akuluakulu anayang'ana mapepala onse awiri. Moni uja unadula gawo lake. Zimene zinabwerazo zinagula ng'ombe imodzi yapagoli, kuphatikiza pa imene inatsala, ndi pulawo yakale. Mwana wawo woyamba anaphunzira kulima nazo. Dimba silinagone. Ana anadya.

Mkulu wanga anakhala zaka zisanu ndi zinayi pa mpando uja. Nkhani ya kwa dokotala sitinaikambeponso. Ya khadi sanandinenepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akananena.

Chimene chinasintha ndi chimodzi. Ndikapita kukawaona, ndinkapereka moni, iwo ankayankha monga mwa nthawi zonse. Ndinkakoka chitsa, n'kukhala pansi. Ndinkadikira pang'ono. Kenako ndinkafunsa kachiwiri.

Masiku ena ankandiuza. Masiku ena ankangoloza ng'ombe.