Chaka Chimene Ndinachotsetsa Ntchito Abambo Anga

Pa doko la kwathu, pamene mabwato opita ku chilumba cha Mbenji amanyamukira, panali mkuyu waukulu umene lero palibe. Anaudula owamba nsomba. Pansi pa mkuyu umenewo ndi pamene ine ndinakhalapo munthu wofunika, kamodzi kokha m'moyo wanga, ndili ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, kabudula wa mawindo awiri kumbuyo, ndi Chizungu cha Sitandade 4. Anzanga amene mudakali ndi mano, musaseke. Sitandade 4 ndimaidziwa bwino kuposa aliyense, pakuti ndinakhalamo zaka zitatu.

Mwini chilimira, ukonde waukulu wophera utaka, amene abambo ankamugwirira ntchito anali a Lufeyo, munthu wamfupi, woumira mawu, amene anabwera ku Joni ndi zinthu ziwiri: chifuwa ndi wailesi. Wailesiyo ankaiveka nsalu ngati khanda, waya wake n'kuumangirira ku nthambi ya mkuyu. Loweruka lililonse masana amuna ankayala ukonde pamchenga n'kumasoka mong'ambika, fungo la phula ndi la nsomba zouma lili thoo, wailesi ikuthetheka ngati mafuta m'chiwaya, mpaka mawu a mzungu atatulukira kuchokera ku Mangalande. Unali mpira. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anauonapo ndi maso mpira umenewo. Mayina a matimu ankatipota lilime, ndiye tinawapatsa athu: Afiira, Abuluu, ndi Amizeremizere, potengera zithunzi za pa kalendala ya m'sitolo ina ku Salima.

Womasulira ndinali ine. Poyamba ndinali woona mtima. Zimene ndinkamva zinali mayina ndi manambala basi, ndipo ndinkanena zomwezo: Afiira ziwiri, Abuluu chimodzi. Koma mzungu alankhule mpaka thovu kukamwa, iwe n'kumasulira mawu anayi? Akuluakulu anayamba kundiyang'ana ngati ndikuwabisira ndiwo. Ndiye ndinayamba kuthira mchere. Goloboyi wa Abuluu ndinamukwatitsa mitala. Wosewera wina ndinamuthyola mwendo kawiri chaka chimodzi, mwendo womwewo, ndipo anthu anamumvera chisoni kwambiri. Malipiro anga anali malo okhala pa bwato lovundikira, pakati pa amuna andevu, ndi utaka wootcha umene sindinkagawana ndi wina aliyense.

Abambo anga, a Gidiyoni, anali siginala. Kwa inu a kumtunda, siginala ndiye maso a chilimira. Amatsogola pa kabwato kake, n'kupeza pamene pali chirundu, miyala ya pansi pa madzi imene utaka umasonkhanapo, ndipo akakweza dzanja m'pamene anzake amaponya ukonde. Akalakwa iye, amuna khumi akokera madzi okhaokha. Abambo ankapeza chirundu poyang'anitsa phiri ili ndi mtengo uwo kumtunda, kenako n'kuwerama kuona mtundu wa madzi. Zaka zambiri boti la a Lufeyo linkabwera ku Mbenji litamira m'mbali ndi nsomba. Koma chaka chapitacho zinthu sizinayende. Mwera unavuta, utaka unabisala, ndipo anthu anayamba kunong'ona kuti a Gidiyoni akumatsinzinira akamayang'ana phiri. Kunyumba tinkadziwa kuti n'zoona, chifukwa ulusi pa singano ankawalowetsera ndi amayi, chitseko chili chotseka.

Mudziwe kuti mpira wa ku Ulaya umatha nthawi imene ife asodzi tikuyamba. Mvula ikamaleka, chilumba chikamayandikira kutsegulidwa kwa asodzi, ndi pamene uko amakangana za amene atenge chikho, amene atuluke m'ligi, ndi manijala amene achotsedwe. Abambo anali a Afiira, ndipo makamaka ankakonda manijala wawo, amene tinkangomutcha Mdala. Ndinali nditamumanga ndekha Mdalayo Loweruka ndi Loweruka: wa imvi, wa kaliwo kukamwa, wosakalipira osewera pagulu. Ndikaganiza lero, ndinkangofotokoza abambo anga omwe, n'kuwaveka jekete.

Loweruka limene ndikunenalo linayamba moipa. M'mawa abambo anandipeza nditadula ulusi watsopano wa ukonde n'kumangira mpira wanga wa masanza, ndipo anandikwapula ndi chingwe chonyowa pamaso pa atsikana otsuka mbale. Chingwe sichinapweteke kwambiri. Atsikanawo ndiwo anapweteka. Pofika masana ndinakhala pa bwato langa lija ndi thako limodzi, mtima uli bii, ndipo wailesi itanena kuti Afiira agonja, zigoli ziwiri kwa duu, ndinaona mpata.

Mzungu analankhula nthawi yaitali, dzina la Mdala likumveka apa ndi apo. Zimene ankanena sindikuzidziwa mpaka lero. Zimene ine ndinanena ndi izi: kuti eni timu akhala pansi, aona kuti Mdala maso afooka, sakuonanso bwino mbali ina ya bwalo, ndipo ligi ikatha amuchotsa n'kuikapo mnyamata amene iye yemwe anamuphunzitsa. Ndinkangofuna kuti abambo awawidwe mtima pang'ono, monga ndinawawidwira ine. Sindinaganize n'komwe kuti mawu akuti maso ndawatola kunyumba kwathu.

Mkangano unabuka ngati moto wa m'dambo. Ena ankati timu ndi osewera, manijala samenya mpira. Ena ankati ng'ombe zikalowa m'munda safunsa ng'ombe, amafunsa mbusa. Mkulu wina wa Amizeremizere, amene timu yake inali pafupi kutuluka m'ligi, ankangoti onse achotsedwe, ndi oimbira mpira omwe. Sayidi, mnyamata wamphamvu amene ankapalasira abambo kabwato kawo ndipo anaphunzira zirundu zonse kwa iwo, ananena mwaulemu, maso ali pa ukonde, kuti nsomba za chaka chatha sizidyetsa ana a chaka chino.

Apo abambo anaimirira. Sanali munthu woimirira polankhula. Singano ili m'manja, anati:

"Munthu wakubweretserani zikho zaka zonsezi, chaka chimodzi chouma mukumutaya? Anyamatawo anawaphunzitsa ndani? Madzi akabisa nsomba, mlandu ukhale wa maso?"

Ku Mangalande kulibe madzi obisa nsomba m'bwalo la mpira, ndipo aliyense anamva zimene zanenedwa. Abambo nawo anazimva mochedwa, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. A Lufeyo anachepetsa wailesi n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe mwana wa a Gidiyoni, tandiuza bwinobwino. Azunguwo, ndi nzeru zawo zonse, munthu wotere amamuchotsadi?"

Khomo lothawira linali lotsegula. Ndikanangoti sindinamve bwino, wailesi inathetheka. Abambo ankandiyang'ana, osati mokalipa ayi, koma ngati munthu amene ali pa bwato lobooka akuyang'ana kumtunda. Koma amuna makumi awiri ankandiyang'ananso, ndipo mwana amene wazolowera kukhala pa bwato la akulu safuna kutsikapo.

"Amamuchotsa, bwana," ndinatero. "Akuti chisoni sichigoletsa."

Anthu ena anaseka, ena anabwerezabwereza mawuwo ngati mwambi. Ine ndinadya utaka wanga.

Kwathu siginala sankauzidwa ndi pakamwa kuti walembedwa kapena wachotsedwa. Kukatsala masiku ochepa kuti mabwato awoloke, mwini chilimira ankasemetsa nkhafi yatsopano yopalasira bwato n'kukaitsamiritsa pakhomo la siginala wake m'mawa. Palibe kugogoda, palibe moni. Ukatsegula chitseko n'kuipeza, umadziwa kuti uyambe kumanga katundu. Ine ndinakula ndikuona nkhafi imeneyo pakhomo pathu chaka ndi chaka, yoyera, ikununkha mtengo wauwisi, mpaka ndinkaganiza kuti imamera yokha.

Sabata imeneyo abambo ankadzuka msanga kuposa masiku onse. Ankatsegula chitseko ngati akufuna kuona nyengo, n'kuyang'ana kumanja, kumanzere, kenako kumwamba, kuti ife tiziti ndi mitambo imene akufuna. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Lachinayi amayi anabwera kotunga madzi, anatula ndowa, n'kunena chapansipansi kuti pakhomo la Sayidi pali nkhafi. Abambo anangoti chabwino, mnyamatayo ndi wakhama. Anatenga mpando n'kukakhala kuseri kwa nyumba, kumene nyanja sioneka.

Tsiku lomwelo ndinathamangira kwa a Lufeyo. Ndinawapeza akumata boti ndi phula, utsi ukuwalowa m'maso. Ndinagwada pamchenga wotentha n'kuulula zonse: mitala ya goloboyi, mwendo wothyoka kawiri, maso a Mdala. Ndinalumbira kuti Chizungu changa chimathera pa manambala. Ndinkayembekeza khofi, ndipo ndinkalifuna, bola nkhafi ibwerere. Iwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndakhala ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, mwana iwe. Ukuganiza kuti mzungu akamalankhula ine sindimva?"

Anapitiriza kumata. Kenako anandiuza, mosakweza mawu, kuti za abambo anaziganiza kalekale, koma a Gidiyoni ndi munthu wokondedwa, ndipo akanayamba iwo kunena, doko lonse likanati Lufeyo alibe mtima. Tsopano ananena ndi azungu, kudzera pakamwa pa mwana wa mwini wake. Ndani angatsutse? Anandiuza kuti ndidzuke, mchenga ukutentha, ndipo Loweruka ndisachedwe.

Ndipo sindinachedwe, anzanga, ndisakunamizeni. Kunyumba kunalibenso ndiwo za ku Mbenji, ndipo utaka wa womasulira unayamba kufika kwa amayi. Vuto linali limodzi: ligi itayambanso, dzina la Mdala linkamvekabe pa wailesi Loweruka lililonse, ndipo asodzi si ogontha. Atandifunsa, ndinati akungomukumbukira, monga timachitira ndi malemu. Anamukumbukira choncho zaka zingapo. A Lufeyo ankangokhosomola.

Abambo sanapitenso pansi pa mkuyu. Eni zilimira ena sanawafune, pakuti nkhani ya maso inali itamveka doko lonse, ndipo kukhala wokoka chingwe pansi pa mnyamata amene anamuphunzitsa okha sakanatha. Chaka chotsatira tinasamukira kwa Maganga, kwawo kwa amayi, kukalima chinangwa ndi mpunga. Munthu amene ankapeza mwala pansi pa nyanja ankalephera kuwongola mzere, ndipo alamu awo ankawaseka mosabisa. Anakhala zaka zambiri ndithu, akuchepa thupi chaka ndi chaka, wosadandaula, wosatchula Mbenji. Sanandimenyenso. Chimenecho ndicho chinali chilango.

Zoona zake ndinadzawauza abambo ndili kale ndi ana anga awiri, iwo maso atatheratu. Tinali pakhonde, akusenda chinangwa ndi manja ongofufuza. Ndinayamba ndi nthabwala monga mwa khalidwe langa, koma nthabwala zinandithera panjira, ndipo ndinanena zonse mosakometsa. Anasiya kusenda, mpeni uli m'manja. Ndinkadikira kuti anditukwane kapena andikhululukire, chilichonse mwa ziwirizi. Iwo anangofunsa chinthu chimodzi.

"Ndiye Mdala uja sanamuchotse?"

"Ayi, abambo. Anakhalabe."

"Bola iyeyo."

Anapitiriza kusenda.

Lero mpira uja aliyense amauona ndi maso. Pa malo pathu pali chishedi cha malata chokhala ndi makanema awiri, ndipo adzukulu anga amadziwa dzina la manijala aliyense, dziko lake, ngakhale mtundu wa galimoto yake. Mwana wabodza ngati ine sangapezenso utaka wootcha. Angamutsutse ndi foni asanatseke pakamwa. Utakawo nawonso uli kuti? Boti limapita ndi injini, limabwera ndi beseni limodzi, ndipo siginala amasinthidwa pa foni, pakati pa nyengo, opanda ngakhale nkhafi yoti akazi aione n'kukachenjeza mnzawo. Ndinkaganiza kuti anthu akadzaona zoona ndi maso awo adzakhala ndi chisoni kuposa ife amene tinkangomva mphekesera. Ayi ndithu. Timu ikagonja kawiri, chishedi chonse chimayamba kuimba kuti achoke, achoke, ndipo akachoka, wolowa m'malo amuimbira yomweyo mvula isanagwe.

Mwezi uno ligi ikutha, ndipo akuti manijala wina wachikulire ali pa mpeni. Kanema ikamamuonetsa amakhala ataima yekha m'mbali mwa bwalo, manja m'thumba, akutsinzinira kuyang'ana mbali inayo. Loweruka lapitali anyamata anandipatsa benchi yakutsogolo, poti amadziwa kuti pa ndale, pa maukwati, pa mvula, ine sindisowa chonena. Mkangano utafika povuta, mdzukulu wanga anandigwira phewa n'kuti agogo ndiwo atiweruze, munthuyu achoke kapena akhale.

Chishedi chonse chinatembenuka, nkhope makumi angapo, zikudikira kuseka.

Ndinawauza kuti andikhululukire, ine za Chizungu sindimva.