Achimwene pa Chitseko Chokiya

Nyumba yathu inali yoyamba m'mudzi mwathu, kufupi ndi ku Bowe, kukhala ndi chitseko cha matabwa ndi loko wa kiyi. Ena onse ankatseka ndi chitseko cha bango, mkati n'kupingasa mtengo. Amuna anga anali mphunzitsi, mkamwini wa m'mudzimo, ndipo chitsekocho anakachipangitsa ku Kasakula n'kubwera nacho pa ngolo. Ndinkanyada nacho, ndisaname. Popita ku tchalitchi kiyi ndinkamumanga pansonga ya chitenje, mbali yoonekera, kuti anzanga amuone bwino.

Amene ankandiseka pa nkhani ya kiyiyo anali achimwene anga, opondana ndi ine, msilikali. Atakhalitsa ku usilikali anawasankha kulowa m'kagulu kapadera, ka anthu ochepa ophunzitsidwa kulowa m'nyumba zotseka. Za ntchito yawo sankakamba zambiri, koma manja awo sankatha kubisa. Akabwera pa tchuthi, aliyense amene anataya kiyi ankatulukira. Anatsegula bokosi la amayi limene linakhala chitsekere kuyambira pa maliro a bambo athu. Anatsegula kabati ya ku tchalitchi mmene munali zikho za mgonero, mkulu wa mpingo atagwetsa kiyi m'dambo. Ankangopinda tiwaya tiwiri ta sipoko ya njinga, n'kutsinzina ngati akupemphera, loko uja n'kuvomera.

"Kiyi wakoyo ndi wokongoletsa chitenje basi, mlongo wanga," ankatero. "Chitseko chili ndi njira zambiri. Pali ya waya, pali yochotsa mahinjesi, ndiye pali ya jombo ukakhala pa changu."

Ine ndinkaseka, n'kumauza aliyense kuti achimwene anga palibe chitseko chingawakanike.

Amuna anga anatengedwa Loweruka masana, nthawi ya dzinja, akusita malaya a ku tchalitchi. Galimoto inaima kumsewu chifukwa cha matope, ndipo anthu amene sitinkawadziwa anakwera chitunda wapansi. Ine ndinali kuseli, ndikusoka fodya. Sanachite odi. Chitseko sichinali chokiya n'komwe, akanangotembenuza chogwirira chikanatseguka, koma wina anachiponda ndi jombo mpaka loko anazuka pamodzi ndi thabwa. Mmene ndinkafika kumaso, amuna anga anali akutsika nawo chitunda, phazi limodzi lopanda nsapato. M'nyumba simbi ya makala inali ikupsereza malaya.

Mpaka lero sindidziwa chimene ananena, kapena amene anakawanenera. Anadzabwerako patapita zaka, koma nthawi imeneyo palibe ankadziwa ngati ali moyo. M'zaka zimenezo munthu akatengedwa, anthu ankaleka ngakhale kutchula dzina lake. Anzanga aja a ku tchalitchi anayamba kudzera njira ya kumunsi popita ku chitsime. Odzapala moto anasiya, odzapempha mchere anasiya. Kalipentala amene amayi anamuchonderera kuti adzaike loko wina anagwira ntchitoyo maso ali kunjira, n'kuika lokoyo mopendekeka, moti kiyi ankazungulira ndi mphamvu za manja awiri.

Tsiku limene anamaliza ndinalowa, n'kukiya, ndipo sindinafunenso kuona nkhope ya munthu. Ndinkatuluka m'mamawa anthu asanadzuke, kenako n'kubwerera mkati. Amayi ankandipatsira phala pa zenera la thabwa, ine n'kulawa pang'ono, lotsala n'kubweza. Chitenje chinayamba kundizungulira kawiri.

"Mwana wanga, ufuna ufere m'nyumba ngati khoswe?" ankatero amayi. Ataona kuti mawu awo sakupita patali, anatumiza uthenga kwa mwana wawo wamwamuna.

Ndinamva mawu a achimwene m'mawa wina, mvula itangokata.

"Odi!"

Mtima wanga unadumpha, kenako unauma. Ndinkawakonda achimwene anga kuposa wina aliyense pamudzipo. Ndiwo ankandibereka kumsana powoloka mtsinje popita ku sukulu. Koma tsopano ndinkadziwa mmene chitseko chimalirira akachiponda, ndipo ndinkadziwa kuti iwo anakhala m'kalasi n'kuphunzira zimenezo. Ndinakhala chete.

"Odi kuno!"

Kwathu odi akapanda kuyankhidwa, munthu salowa, ngakhale akumva mwini nyumba akutsokomola mkati. Ndinamva akukhala pansi pakhonde. Amayi sanapirire.

"Iwe, kodi anakuphunzitsiranji kumeneko? Tenga tiwaya tako utsegule, mlongo wako akutha."

"Amayi, mwini nyumba sanayankhe."

"Mwini nyumba wake uti? Ameneyu ndinam'bereka ndine!"

"Munam'bereka ndinu, koma chitseko n'chake."

Amayi anachoka akung'ung'udza kuti anabereka zitsiru ziwiri, china mkati, china panja.

Zinapitirira choncho. M'mawa uliwonse odi, ine zii, iwo n'kutenga khasu kukabandira chimanga changa chimene chinali chitalowa tchire. Masana ankathyola fodya n'kukamupachika m'chigafa. Madzulo ankabwera kudzakhala pakhonde, msana atatsamira khoma. Sindinkawasuzumira n'komwe. Chimene chinkandipsetsa mtima chinali khutu lawo. Amayi akafunsa, ndinkawamva akunong'ona kuti, "Wamwa madzi," kapena, "Wagona mbali ya kuzenera, akupuma bwino." Anawaphunzitsa kumvetsera kuseli kwa chitseko kuti adziwe pamene munthu waima, ndiye ankandiwerenga ine chimodzimodzi. Ndinayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba yanga yomwe, kungofuna kuwasokoneza.

Tsiku lina masana ndinamva akupapasa felemu pamene panang'ambika, kufuna kukhomapo thabwa lina. Ndiye anadziyankhulira okha, monga amachitira mmisiri akaona ntchito yoipa ya mnzake.

"Amene anachita izi sadziwa ntchito. Chitseko chosakiya amachiponda?"

Ndinafika pachitseko sindikudziwa kuti ndadzuka bwanji.

"Ndiye inu mukanaigwira bwino ntchitoyo? Mukanalowa mwaulemu ndi tiwaya tanu, n'kuwatenga amuna anga osaswa thabwa? Ndikuthokozeni?"

Mawu anga anatuluka osasa, poti ndinali nditatenga nthawi osayankhula. Kunja nyundo inaikidwa pansi.

"Ndayankhula zopusa," anatero.

"Mwathyola zitseko zingati, achimwene? Ndiuzeni."

Ndinawamva akukhala pansi kuseli kwa chitseko.

"Za kumaphunziro n'zosawerengeka. Amaimika chitseko pabwalo, kumbuyo kwake kulibe nyumba, kuli udzu basi. Umatsegula, ena n'kukiya, iwe n'kutsegulanso, nthawi zina atakumanga nsalu kumaso. Koma zenizeni ziliponso, sindikunamiza. Si zambiri, koma zilipo. Anatiphunzitsa kuti ukalowa uyang'ane kuseli kwa chitseko, pakona, pansi pa bedi. Za amene amatsala m'nyumbamo ife titachoka sanatiuzepo, ndipo ine sindinafunse."

Ndinali nditakonzekera kuti adzikanira, kuti anena kuti gulu lawo ndi lina, sakhudzidwa ndi zotenga aphunzitsi. Mwina zinali zoona, ndipo akanatha kunena. Sananene.

"Za alamu anga ndafunsafunsa," anapitiriza, mawu atatsika. "Ndafunsa mpaka pamene mnzanga wina anandiuza kuti ndikafunsanso ndiwatsatira. Sindikudziwa kumene ali. Iwe unkauza anthu kuti palibe chitseko chingandikanike. Cha kumene kuli alamuko chandikanika, mlongo wanga. Ndayesa."

Pamenepo mawu awo anaduka. Sindinawamvepo akulira chiyambire, ngakhale pa maliro a bambo, ndipo sankadziwa kulira kwake, ankangomveka ngati munthu wotsamwa ndi mbatata. Ndinawamvera chisoni, chisoni chenicheni, choyamba kumvera munthu wina kuchokera Loweruka lija. Anali munthu yekhayo amene anatchula amuna anga pakhomo panga osayang'ana kaye uku ndi uku.

Ndinalowetsa kiyi. Loko anali wopendekeka uja, ndipo chitseko chinali chitafufuma ndi chinyezi. Ndinakakamiza ndi manja awiri, kiyi n'kuthyokera momwemo. Ndinatsala nditagwira kamutu kake.

"Kiyi wathyoka," ndinatero.

"Ndamva."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Sunandiuze chochita."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawagenda ndi kamutu ka kiyiko. M'malo mwake ndinapezeka ndikuseka, kaphwete kouma kopweteka m'nthiti.

"Tsegulani, achimwene. Chonde."

Ndinawamva akupita pamene panali njinga ya amuna anga, pansi pa khonde, n'kupepesa kwa mwini wake ngati ali pomwepo asanazule sipoko. Kenako tiwaya tinayamba kukwakwata m'kabowo. Kachidutswa ka kiyi kanagwera kumapazi kwanga. Loko wa kalipentala wamantha uja anawavuta kuposa kabati ya ku tchalitchi, ndipo ndinawamva akumunyengerera chapansipansi ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Mpaka anavomera, kuti khethe.

Ndinabwerera m'mbuyo kuti chitseko chisandigunde. Sichinasunthe. Ndinadikira, chogwirira osatembenuka. Loko anali wotsegula, koma iwo sanakankhe, ndipo ndinazindikira kuti akhoza kukhala pamenepo mpaka chimanga kucha. Ndinagwira chogwirira ndekha n'kukoka.

Kuwala kunandilasa m'maso. Masiku onsewo m'maganizo mwanga ndinkawaona ali mu yunifolomu, lamba pamimba, chipewa pamutu. Munthu amene ndinamupeza atanjuta pakhonde anali atavala malaya akale a malemu bambo athu, ong'ambika paphewa, ndi kabudula wosawakwana, miyendo ili mbuu ndi dothi la m'munda mwanga. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti tsiku limene anafika anayamba adzera kuchigafa, n'kuvula zonse za ku usilikali, kuziika m'thumba n'kuzikwirira ndi mapesi, kuopa kuti ndingaziwone pa zenera.

Anandiyang'ana mmene ndinaondera, n'kuyang'ana kumbali. Tiwaya tija anali atatibisa kumbuyo, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, ndipo misozi imene inakana kutuluka chitengedwere amuna anga inabwera yonse. Achimwene anasendera pang'ono n'kundisiyira malo pakhonde, pamene panali kadzuwa. M'nyumba sanalowe tsiku limenelo. Ndine amene ndinatuluka.