Mwaye wa a Alby

Warwick Kuchel anabwerera kuno kuchokera ku mzinda wa Adelaide titangoika maliro a bambo ake, a Alby. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wawo, ndipo mpandawo ndi wa malata obooka, ndiye musandinene kuti ndimatchera khutu. Mawu amabwera okha.

Warwick ndi munthu wofatsa, wamtali, wadazi, ntchito yake yokonza makina ochapira zovala. Mkazi anamuthawa kalekale, imeneyo ndi nkhani ina. Anabwera kuti agulitse nyumba, koma atatsegula shedi ya bambo ake, zogulitsazo zinathera pomwepo.

M'shedimo munali tauni yathu yonse ino, yochepetsedwa ngati zidole, itayalidwa pa matebulo olumikiza: siteshoni, thanki ya madzi, makola a nkhosa, nkhokwe za tirigu, ngakhale bala ya pakona ija. Kanjanji kankazungulira zonsezo. A Alby ntchito yawo inali yoponya malasha m'ng'anjo ya sitima, ndipo sitima za malasha zitatha, iwo anangozisamutsira m'shedi. Koma miyendo itayamba kuwavuta anasiya kulowamo. Makoswe anadya mawaya, denga linadonthera pa mlatho, akangaude anamanga paliponse.

Amayi ake a Warwick, mayi Merle, ali ku nyumba yosungirako okalamba, kuseri kwa chipatala. Anayamba kuiwala pang'onopang'ono mpaka anaiwala zonse. Warwick akapita kukawaona amamulandira bwino ndithu: "Khalani pansi bambo, mwachokera kuti?" Mwana wawo mmodzi yekhayo!

Tsiku lina anandipeza ndikuyanika zovala, n'kutsamira mpanda.

"Mayi Noeleen, ndili mwana, Lamulungu lililonse amayi ankabweretsa tiyi m'shedimu, ine nditakhala pa ndowa, adadi akuyendetsa sitima. Ndikaikonza n'kuyendanso, ndidzawabweretsa pa Khirisimasi. Mwina adzandidziwa."

"Mwinadi, mwanawe," ndinatero. Nanga ndikanati chiyani?

Ndiye anayambapo. Mawaya sanamuvute, ndi ntchito yake. Ndinkangomva kukhoma, kenako kutukwana akadziwotcha chala, munthu amene sindinkadziwa kuti amatha kutukwana. Atamaliza zamagetsi anatenga beseni, sopo ndi mswachi. Kabogi kalikonse, kanyumba kalikonse, injini iliyonse, ankakwecha n'kuyanika pa thaulo padzuwa. Zokana kuyera anazipaka penti yatsopano. Zitini zakale, mabotolo ndi timaburashi touma anazitaya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ifike, anatiitana ine ndi amuna anga, a Graeme, kuti tikaone. A Graeme ankamwa mowa ndi a Alby m'shedimo zaka zambiri. Tinalowa, Warwick anayatsa, sitima n'kunyamuka bwinobwino, ikunyezimira ngati ya m'sitolo. Ine ndinaomba m'manja. A Graeme anangoti chilili.

"Iwe, mwaye uja uli kuti?"

"Litsiro lija? Ndachotsa lonse, ankolo. Landitengera miyezi."

"Litsiro? Bambo ako ankapaka dala, mwana iwe! Tsiku limene injini yawo inkapumitsidwa, anapala mwaye wake n'kudzaza chitini cha fodya. Akagula kasitima katsopano, ankakhala ndi kaburashi, kupaka mwaye, kupaka dothi lofiira la pa siteshoni, mpaka kade. Ankati sitima yoyera ndi yabodza."

Ndinawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

"Adadi sanandiuzepo," anatero Warwick.

"Bambo ako ankauza ndani chiyani?"

"Chitini chake chofiira chija?"

"Chomwecho."

"Chinapita ndi galimoto ya zinyalala."

Titafika kunyumba ndinawakalipira a Graeme. "Pakamwa panu bambo inu, ngati geti lothyoka!" Iwo anangoti, "Nanga a Merle sadzaona okha?"

Khirisimasi inafika ndi dzuwa lake, ntchentche zili ng'waa. Warwick anawabweretsa amayi ake pa mpando wa matayala, atavala chipewa chapepala chimene anawaveka kumene amakhalako. Ine ndinabwera ndi tiyi ndi masikono kuti zifanane ndi kale. Warwick anaika amayi ake pafupi ndi kasiteshoni kaja, iye n'kukhala pa ndowa, munthu wamkulu mawondo ali m'chibwano. Anayatsa. Sitima inazungulira, inadutsa pa mlatho, n'kubwerera.

Mayi Merle anasekerera. "Koma ndiye zokongola! Mukugulitsa zimenezi, bambo? Amuna anga amazikonda, kungoti zawo n'zakuda bii."

"Amayi, ndi zomwezo. Ndi za adadi. Ndine Warwick."

"Warwick ali kusukulu," anatero mwaulemu, n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

Ine misozi inali itayamba, ndiye ndinagwetsa supuni kuti ndiwerame. Pansi pa tebulo, kuseri kwa mwendo wake, ndinaona kabogi ka malasha kamene kanagwera kumeneko kalekale, mswachi sunakapeze. Kakuda, kadzimbiri. Ndinakatola n'kukaika m'manja mwa mayi Merle.

Anakatembenuza. Zala zinada. Anazinunkhiza, nkhope yonse n'kusintha.

"Alby wabwera! Wagwiranso chitseko asanasambe, munthu ameneyu. Ndinena kangati?"

Anaseka, n'kutembenukira kukhomo, kudikira kuti alowe. Warwick anali pomwepo pa ndowa, manja ake oyera mbee ndi sopo wa miyezi yonse ija. Sanamuyang'ane. Anadikira mpaka tiyi anazizira, kenako anati atopa, bambo ogulitsa zidolewa awaperekeze kwawo. Kabogi kaja anakana kukasiya.

Nyumba ija Warwick sanagulitsebe. A Graeme, pofuna kupepesa, anapala mwaye wa m'chumuni chathu n'kumupatsa m'botolo la jamu. Iye anathokoza, koma wathu ndi wa nkhuni, sununkha malasha. Botololo lili pa shelefu, silinatsegulidwe. Lamulungu masana ndimaimva sitima ikuzungulira, kenako amazimitsa, n'kupita kukaona amayi ake.

Mdzukulu wanga Kylie amagwira ntchito ku nyumba ya okalamba ija, ndiye zonse zimandipeza. Akuti mtsikana wina watsopano anafuna kukatsuka kabogiko chifukwa kamadetsa mapilo, Warwick anakuwa mpaka anthu anatuluka m'zipinda. Tsopano palibe amakakhudza. Mayi Merle amagona nako, kudzuka nako, tsiku lonse akukasisita, n'kumafunsa mlendo wamtali wadaziyo ngati wakumana ndi amuna awo panjira. Iye amati eya, akubwera.

Kungoti mwayewo ukuthera m'zala zawo. Kylie akuti mbali imodzi yayamba kale kuwala.