Khadi ya mkulu wa ku banki

Lolemba ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kapepala.

Ndine dalaivala pa ofesi ina ku Westlands, kuno ku Nairobi. Abwana anga, a Nasibeko, ndi a kwathu. Anandituma kukatenga mlendo wochokera ku banki ina ya ku Japan. Sanachulutse mawu: "A Gama, mlendoyu akangodandaula, mubweza makiyi."

Mlendoyo, bambo wa imvi, anawerama n'kundipatsa khadi ya dzina lake ndi manja awiri. Ine ndinalandira ndi dzanja limodzi. Tili m'njira, kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto kanayamba kusokosa monga mwa masiku onse. Ndinapinda khadi ija n'kuilowetsa pampata. Phokoso linatha. Mlendo maso anangoti tong'o pa khadi yake. Tinayenda choncho mpaka ku Muthaiga, kumene abwana ankatidikira.

A Nasibeko atationa tikufika anasuzumira m'galimoto, n'kugwira pakamwa.

"Mwapinda nkhope ya munthu, a Gama! Kwawo khadi saichita zimenezo."

Ndikanadziwa bwanji? Ku pulayimale sanatiphunzitse.

Lachiwiri ndinapepesa kwa mlendo uja tili pa jamu ya magalimoto, maminibasi a kuno otchedwa matatu akutipanikiza uku ndi uku. Chingerezi chake n'chothyoka ngati changa, ndiye tinamvana bwino. Anatulutsa kabuku ka mbiri ya banki yawo n'kundilozera chizindikiro chomwe chinalinso pakhadi.

"Ili ndi phiri la kwathu," anatero.

Ndinali nditapinda phiri la eni.

Banki yawo si ya dziko lonse. Ndi ya chigawo chimodzi basi. Akuti anaiyambitsa ndi alimi ndi oluka nsalu a m'dera lomwelo, kalekale. Likulu lake likadali m'tauni yomweyo. Ogwira ntchito amayendera anthu khomo ndi khomo pa njinga zamoto, amadziwa wodwala ndi amene wakwatitsa mwana. Iye analowa ntchito ali mnyamata, sanasinthepo. Vuto lawo lero n'lakuti achinyamata akuthawira ku mizinda ikuluikulu, masitolo akutsekedwa. Ndiye wabwera ku Nairobi kudzafunira msika amisiri a kwawo opanga mapampu a madzi.

Munthu wa ku banki kuwoloka nyanja kudzagulitsira anzake mapampu. Munamvapo?

Tsono tidziyang'ane ife a kwathu okhala kuno. Tikakumana Lamlungu kutchalitchi, aliyense amayamba ndi dzina la bungwe limene akugwirako. Chaka chamawa atchula lina. Funsani amene anakumba chitsime cha m'mudzi mwawo, muona akukanda mutu. Gulu lathu lothandizana pamaliro kuno lagawanika kawiri, palibe akukumbukira amene analiyambitsa. Inenso ndilimo. Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno, ku Umoja. Njira za matatu amazidziwa zonse. Phiri la Dedza sanalionepo, ndipo sindinamuuzeko.

Lachisanu a Nasibeko anafunsa mlendo ine ndili pomwepo: "Dalaivala wathu mwamuona bwanji?"

Makiyi ndinali nditawatulutsa kale m'thumba.

Mkuluyo anatembenukira kwa ine. Anatulutsa khadi ina, yatsopano, n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri, makiyi n'kugwera pansi. Anatola yekha n'kundibwezera.

Khadiyo ili m'thumba la malaya, yosapindika. Kabokosi kakusokosabe, ndangokasiya.

Inu a kwathu, atati akulembereni khadi lero, mungajambulepo phiri liti?