Supuni ya Atcheya

Atcheya a amayi a chipani kuno kwa Mavwere amayenda ndi supuni m'thumba. Akaona mwana akukakamira amake, amapukusa mutu n'kunena kuti, "Khanda silidziwa mayi, limadziwa chimene chalowa m'kamwa." Mawu amenewa amawakweza kwambiri akamalemba mayina a amayi okavina kumsonkhano. Eni ake savina, ati mawondo.

Mwezi watha anandilemba ine. Ndinawadandaulira kuti Zelifa wanga akuyamwa, ngakhale chaka sanakwanitse.

"Musiyeni kwa ine, amake Zelifa. Kapena mukukana chipani?"

Funso lotere angaliyankhe ndani? Ndinakwera lole mawere akuwawa. Milungu iwiri yonse ndikuvina ku Lilongwe, iwo anali pakhonde pawo kudyetsa mwana wanga phala la nsinjiro. Asanamupatse, ankayamba agogoda kapu ndi supuni katatu.

Nditabwerako ndinathamangira kwawo, nsalu ili m'manja, kuti ndimubereke. Zelifa anandiyang'ana ngati mlendo wochokera ku Chipata. Atcheya anagogoda kapu ija, ngwe ngwe ngwe, mwana n'kukwawira kwa iwo akuseka.

"Mwaonatu? Suja ndinanena ine," anatero akuyang'ana amayi anzanga kuti awombe m'manja. Ena anawombadi, opanda manyazi!

Mkaka wanga unauma. Lero m'mawa ndachita kukapempha supuni yomweyo, ndakhala pakhomo panga n'kugogoda katatu, kuitana mwana wobala ndekha ngati ndikuitana nkhuku. Ndipo wabwera.